Ndere yowala m'mapanga: kodi imayaka yokha?

M'nkhalango zozizira za ku Ulaya, Russia, Japan ndi North America muli kachomera kamene kakhala kakupusitsa anthu kuyambira kalekale. Munthu akasuzumira pakhomo pa phanga, kapena pansi pa thanthwe lotsamira, amaona dothi lili waliwali, timadontho tobiriwira tosakanikirana ndi mtundu wa golide. Akatapa dothilo n'kutuluka nalo poyera, m'manja mumangopezeka matope basi. Anthu akale a ku Ulaya ankati ameneyu ndi golide wa timizimu ta m'mapiri, timene timakonda kunyenga adyera. Katswiri wa zomera wa ku Austria, Anton Kerner von Marilaun, analemba m'zaka za m'ma 1800 kuti munthu akangoona kachomeraka sangadabwe kumene nthano zoterezi zinachokera.

Dzina lake la sayansi ndi Schistostega pennata. Angelezi amati goblin gold, Ajeremani amati Leuchtmoos, ndipo ku Japan ndi hikarigoke. Zithunzi zake zafala masiku ano, ndipo kawirikawiri anthu amazifotokoza kuti ndi chomera choyaka usiku ngati chiphaniphani. Chisokonezo chagona pamenepa. Ndere imeneyi situlutsa kuwala kwakekwake ngakhale pang'ono, ndipo mumdima wa ndiweyani simungaione. Zimene imachita ndi kutolera kakuwala kochepa kofika m'malo amene zomera zina sizingakhale, ndipo kunyezimira kumene anthu amaona ndi zotsalira za ntchito imeneyi.

## Ndere yake iti?

Mawu akuti ndere amaimira zinthu zingapo zimene asayansi amazisiyanitsa. Zobiriwira zoterera za m'madzi amazitchula algae. Zotuwa zokakamira pamiyala ndi pamakungwa ndi lichen, zomwe kwenikweni ndi bowa wokhalira limodzi ndi algae kapena mabakiteriya ena obiriwira. Zofewa zokuta nthaka ndi zitsa m'malo achinyezi ndi moss, ndipo Schistostega ili m'gulu lachitatuli.

Zomera za moss zili ndi tsinde ndi masamba, koma zilibe maluwa, njere, kapena mizu yeniyeni. Zimagwira nthaka ndi timaulusi, ndipo madzi zambiri mwa izo zimamwa ndi thupi lonse. Popeza zilibe mitsempha yolimba yokweza madzi m'mwamba monga ya mitengo, sizitalika. Mitundu yake ilipo pafupifupi 12,000 padziko lonse.

Amene anayala maziko a maphunziro a zomerazi ndi Johann Hedwig, dokotala yemwe ankaphunzitsa ku Leipzig. Buku lake lalikulu linatuluka mu 1801, iye atamwalira kale mu 1799, ndipo mpaka lero mayina ovomerezeka a mitundu yambiri ya moss amawerengedwa kuyambira pa bukulo. M'menemo ndere yathuyi inalembedwa kuti Gymnostomum pennatum. Mu 1803, Friedrich Weber ndi Daniel Mohr anaisamutsira ku dzina limene ili nalo tsopano. Kuyambira pamenepo yakhala yokhayokha: m'banja lonse la Schistostegaceae muli mtundu umodzi wokhawu.

Mukaiona pafupi, mbali yake yamasamba si yokopa maso kwenikweni. Ndi timitengo totalika pafupifupi sentimita imodzi, tobiriwira motuwirako, tokhala ndi timasamba tandondondo mbali ziwiri zokha, kumanzere ndi kumanja, tolumikizana m'munsi mwake, moti kamtengo kalikonse kamaoneka ngati tsamba limodzi laling'ono zedi la fern, chomera chopanda maluwa cha masamba onga nthenga. Timasambato tilibe mtsempha wapakati umene mitundu yambiri ya moss ili nawo. Ndipo chofunika kudziwa n'chakuti timitengo timeneti sindito timawala.

## Chimene chimawala ndi ubwana wake

Moyo wa moss uli ndi magawo awiri osinthana, zimene katswiri wa zomera wa ku Germany, Wilhelm Hofmeister, anazifotokoza mu 1851. Chomera chamasamba chija chimatulutsa mazira ndi umuna. Umunawo umasambira m'kamadzi kochepa ka pamwamba pa masamba mpaka kupeza dzira. Dziralo likakula limasanduka kaphesi kokhala ndi kabotolo kumutu, ndipo m'kabotolomo mumapangika timbewu tonga fumbi totchedwa spore. Kambewu kotere kakagwera pamalo abwino sikatulutsa masamba nthawi yomweyo ayi. Kamayamba katulutsa timaulusi tobiriwira toyanga panthaka, totchedwa protonema, ndipo pa timaulusi timeneti ndi pamene timitengo tamasamba timaphukira.

M'mitundu yambiri ya moss, protonema ndi chinthu chosakhalitsa. Masamba akangophuka, iyo imafota n'kutha. Koma ya Schistostega siitha. Timitengo tamasamba timaphuka n'kufa, pamene timaulusi timatsala, n'kumakula, n'kumaphukitsa tina. M'malo amdima kwambiri mungapeze timaulusi tokhatokha, popanda tsamba n'limodzi lomwe.

Izi zinasokoneza ngakhale akatswiri. Samuel Elisée Bridel, mmodzi mwa odziwa moss kwambiri m'nthawi yake, ataona timaulusi towalato m'zaka za m'ma 1820 anaganiza kuti ndi mtundu wa algae, ndipo anatipatsa dzina lapadera lakuti Catoptridium smaragdinum. Franz Unger ndi amene anasonyeza mu 1834 kuti si chamoyo china ayi, koma ndi gawo loyambirira la Schistostega yomwe ija. Bridel sitingamudzudzule kwambiri, chifukwa pa nthawiyo kufotokoza kwa Hofmeister kunali kusanabwere, ndipo timaulusi ta moss timafananadi ndi algae.

## Mmene kuwalako kumapangikira

Protonema ya Schistostega ili ndi timaulusi ta mitundu iwiri. Tina ndi tawamba, tokhala ndi maselo ataliatali, tokwawa panthaka. Tina timadzuka n'kuchita nthambi, ndipo nthambizo zimayalana mopyapyala moyang'ana kumene kuwala kukuchokera. Maselo a nthambi zimenezi si ataliatali ayi, ndi obulungira, ndipo ndi ang'onoang'ono moti pa milimita imodzi pangandandalike makumi angapo.

Selo lililonse lotere lili ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Kutsogolo kwake n'kotukuka, ndipo mkati mwake mwadzaza madzi oyera mbee. Kumbuyo kwake n'kosongokerako, ndipo kumeneko ndi kumene kwaunjikana timatumba tobiriwira totchedwa chloroplast, timene chomera chilichonse chimagwiritsa ntchito popanga chakudya kuchokera ku kuwala, madzi ndi mpweya. Kuwala kukalowa m'madzi a m'selo lobulungiralo kumapindika n'kusonkhana pamalo amodzi aang'ono kumbuyo, monga zimachitikira ndi galasi lokulitsa zinthu. Timatumbato timakhala pamalo enieniwo. Choncho kuwala kofooka kumene kunagwera pankhope yonse ya selo kumafika pa timatumbato kutaphatikizana, kuli ndi mphamvu zokwanira kupangira chakudya. Kumene kuwala kukuchokera kukasintha, timatumbato timasuntha m'kati mwa selo kutsatira pamene kwasonkhana tsopano.

Si kuwala konse kumene kumagwidwa. Kuwala kwa dzuwa ndi kusakanikirana kwa mitundu yambiri, ndipo chlorophyll, chinthu chimene chimabiriwitsa zomera, amamwa kwambiri kofiira ndi kwa buluu, koma kobiriwira amamwako pang'ono. Kotsalako kumadutsa timatumba tija, kumagunda khoma lakumbuyo la selo, n'kubwerera. Pobwerera kumadutsanso m'madzi omwe aja, ndipo kumatuluka molunjika kumene kunachokera m'malo momwazikana mbali zonse. Maselo zikwizikwi akachita zimenezi nthawi imodzi, onse atayang'ana kumodzi, munthu woima pakhomo pa phanga amaona pansi pakunyezimira mobiriwira. Fritz Noll, katswiri wa zomera wa ku Germany, ndi amene anafotokoza bwino kayendedwe ka kuwalaku mu 1888.

Chofanizira chapafupi ndi maso a mphaka usiku. Mukamuunika ndi tochi maso ake amawala, koma mukazimitsa tochiyo palibe chimene mungaone, chifukwa masowo amangobweza kuwala kwanu komwe. Zikwangwani zambiri za pamsewu zimagwira ntchito mofananamo, ndi timikanda tagalasi tobwezera kuwala kwa nyali za galimoto kwa woyendetsa. Kusiyana kulipo ndithu: kuseri kwa diso la mphaka kuli kachigawo kapadera konyezimira kotchedwa tapetum lucidum, kamene ntchito yake ndi kubweza kuwala kumene, pamene selo la ndereyi lilibe kachigawo kotero.

Mukamvetsa zimenezi, zodabwitsa zonse zimamasuka. Munthu amaona kuwalako pokhapokha ataima kumene kuwala kukuchokera. Akasendera pambali pang'ono kumazimiririka. Akaweramira pafupi kwambiri mutu wake umatchinga kuwala, ndipo pamatsala mthunzi. Akatapa dothi, nthambi zija zimasokonezeka, maselo sayang'ananso kumodzi, ndipo kunja kuwala kwa tsiku kumabwera kuchokera mbali zonse n'kukwirira kakunyezimira kofookako. Ojambula zithunzi amaika tochi pafupi ndi kamera, n'chifukwa chake pazithunzi kuwalako kumaoneka kwamphamvu kuposa mmene maso amakuonera pamalopo.

Mfundo imene ine ndimaiona yofunika kwambiri n'njakuti kuwala kumene timakusirira ndi kumene chomeracho chalephera kugwiritsa ntchito. Chikadakhala chomwa kuwala konse, bwenzi chikuoneka chakuda bii, ndipo palibe akadachilabadira.

## Kuyaka kwenikweni ndi nkhani ina

Zamoyo zoyaka zenizeni zilipo, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. Chiphaniphani, nsomba zambiri za pansi pa nyanja zakuya ndi mitundu ya bowa yoposa 70 zimapanga kuwala m'thupi mwake. M'zaka za m'ma 1880, Raphaël Dubois wa ku France anasonyeza kuti pamafunika zinthu ziwiri, zimene anazitchula luciferin ndi luciferase. Luciferase amathandiza luciferin kuphatikizana ndi okosijeni, ndipo mphamvu yotuluka pamenepo imatuluka ngati kuwala, pafupifupi popanda kutentha. Kuwala kotere sikudalira dzuwa kapena tochi. Mdima ukachuluka ndi pamene kumaoneka bwino.

Palibe chomera chapamtunda chimene chikudziwika kuti chimachita zimenezi mwachibadwa. Zomera zoyaka zimene zilipo ndi zopangidwa ndi anthu. Mu 1986 asayansi anaika jini (kachidutswa ka malangizo a chibadwa ka m'maselo) ya chiphaniphani m'chomera cha fodya, koma chinkawala mofooka kwambiri, ndipo ankayenera kuchithirira luciferin kaye. Mu 2020 gulu lina linagwiritsa ntchito majini a bowa wotchedwa Neonothopanus nambi n'kupanga zomera zowala zokha moyo wawo wonse, ndipo mu 2024 kampani ya Light Bio inayamba kugulitsa maluwa a petunia otere ku United States. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi: tsekani kuwala konse. Bowa woyaka adzaonekabe, Schistostega idzasowa.

## Kumene imamera, ndi chifukwa chake

Ndere imeneyi ndi ya kumpoto kwa dziko lapansi, m'madera ozizira ndi achinyezi. Imapezeka m'maiko ambiri a ku Ulaya, kudutsa Russia ndi Siberia mpaka ku China ndi Japan, komanso ku Canada ndi kumpoto kwa United States, makamaka cha kunyanja ya Pacific, kuzungulira nyanja za Great Lakes ndi ku New England. Dera lake ndi lalikulu, koma paliponse imapezeka mwa apo ndi apo.

Zofuna zake ndi zambiri. Imafuna mthunzi waukulu koma osati mdima wotheratu, choncho m'phanga imamera chapakhomo, pamene kuwala kumafikabe, osati m'katikati. Imachita bwino pamene kuwalako kumalowera mbali imodzi. Imafuna mpweya wachinyezi nthawi zonse, koma osati pamene madzi amadontha kapena mvula imagunda. Imafuna dothi lofewa, loyoyoka, lopanda zomera zina. Ndipo imafuna dothi la asidi, lochokera ku miyala yamchenga, granite ndi ina yotere. Miyala ya laimu imaipewa. Mfundo imeneyi ili ndi zotsatira zake zoseketsa: mapanga aakulu otchuka, amene anthu amalipira ndalama kukawaona, ambiri ndi a miyala ya laimu, ndiye kuti ndere yotchuka ya m'mapanga sipezekamo. Zobiriwira zimene zimamera mozungulira magetsi m'mapanga oterowo ndi algae ndi mitundu ina ya moss.

Malo okwaniritsa zonsezi nthawi zambiri si mapanga n'komwe. Ku Britain, makamaka ku Cornwall ndi ku Devon, imapezeka m'mauna a akalulu, m'ming'alu ya zipupa zakale za dothi ndi miyala, ndi pakhomo pa migodi yosiyidwa. Akaluluwo anabwera nawo ndi anthu kuzilumbazo, migodi ndi zipupa ndi ntchito za anthu, choncho malo ambiri amene ndereyi imakhala kumeneko kalelo kunalibe. Ku Germany imadziwika kwambiri pakati pa matanthwe a granite a Luisenburg, pafupi ndi Wunsiedel, ndiponso m'mapiri a miyala yamchenga a m'mbali mwa mtsinje wa Elbe.

M'nkhalango zazikulu za ku Russia ndi North America, nyumba yake yeniyeni ndi mtengo wogwa. Mphepo ikazula mtengo waukulu, mizu imadzuka ndi chibuma chachikulu cha dothi, ndipo pamene panali mizuyo pamatsala dzenje, nthawi zambiri lokhala ndi madzi. Kunsi kwa chibumacho kuli zonse: mthunzi, kuwala kolowera mbali imodzi, chinyezi chochokera m'dzenjemo, denga lotchinga mvula, ndi dothi latsopano limene palibe chomera chinalifikapo. Koma nyumba yotere siikhalitsa. Pakapita zaka zingapo dothi limagumuka, mizu imawola, zomera zina zimafika, ndipo ndereyo imatha pamalopo.

N'chifukwa chiyani imasankha malo ovuta chonchi? Yankho limene akatswiri ambiri amapereka n'lakuti ndi yofooka pa mpikisano. Pamalo owala bwino, mitundu ina ya moss, fern ndi udzu zimakula msanga n'kuikwirira. Maselo ake otolera kuwala amailola kukhala kupitirira malire amene zinzake zimalekezera. Sikuti imakonda mdima. Mdimawo ndi umene umaithamangitsira adani.

Kum'mwera kwa dziko lapansi kuli inzake yochita zofanana, Mittenia plumula, ya ku Australia ndi New Zealand. Katswiri wa zomera wa ku Australia, Ilma Stone, anafotokoza protonema yake yonyezimira mu 1961. Mitundu iwiriyi si ya banja limodzi, ndipo zikuoneka kuti uliwonse unafika pa njira imeneyi pawokha.

## Imasamuka bwanji?

Chomera chokhala m'nyumba zosakhalitsa chiyenera kumasamuka kawirikawiri, ndipo apa pali vuto. Mitundu yambiri ya moss imadalira mphepo. Pakamwa pa kabotolo kake pali timano timene timatseguka kukauma n'kutseka kukanyowa, n'kumatulutsa timbewu touma pang'onopang'ono kuti tiuluke. Kabotolo ka Schistostega kalibe timano timeneti, timbewu take ndi tomata, ndipo m'una wa kalulu kapena pansi pa chibuma cha mizu mphepo siwomba kwenikweni.

Mu 2001, Michael Ignatov ndi Elena Ignatova a ku Moscow anafalitsa kafukufuku wonena kuti timbewuti timanyamulidwa ndi nyama. Zolowa ndi kutuluka m'malo otere ndi zambiri: akangaude, tizilombo touluka, mbewa, achule, ndi timbalame tomanga zisa m'mizu ya mitengo yogwa. Ndipo kanyama kochoka m'dzenje lina kamakonda kukalowa m'dzenje linanso lofanana nalo, zimene mphepo singachite. Kuti moss inganyamulidwe ndi tizilombo si zachilendo: banja la Splachnaceae, lomera pandowe ndi pamitembo ya nyama, limakopa ntchentche ndi fungo, ndipo timbewu take ndi tomatanso. Kuwonjezera apo, protonema ya Schistostega imatulutsa tizidutswa tapadera tothothoka, timene timamera patokha popanda dzira ndi umuna.

## Kuiteteza

Dziko limene lailemekeza kwambiri ndi Japan. Inapezeka kumeneko koyamba mu 1910 ku Iwamurada, m'chigawo cha Nagano, ndipo mu 1921 malowo anaikidwa m'gulu la zachilengedwe zotetezedwa ndi boma. Mu 1928 anachitanso chimodzimodzi ku Yoshimi Hyakuana m'chigawo cha Saitama, kumene ndereyi imamera m'manda ena mwa 219 osemedwa m'phiri zaka zoposa 1,300 zapitazo. Ngakhale pakati pa Tokyo, m'zipupa zamiyala za linga lakale la Edo, muli malo ake otetezedwa kuyambira mu 1972. Ku Hokkaido, phanga la Makkausu ku Rausu ndi lodziwika chifukwa cha iyo. Ku United States, m'ndondomeko ya Northwest Forest Plan imene inayamba mu 1994, inaikidwa m'gulu la zamoyo zoyenera kufufuzidwa m'nkhalango zina za boma ntchito yosokoneza nthaka isanayambe.

Njira ziwirizi zikusiyana maganizo. Ya ku Japan imatchinga malo enieni odziwika, ndipo imathandiza pamene malowo ndi phanga kapena chipupa chokhalitsa. Koma pamene ndereyi imadalira mitengo yogwa, kutchinga chibuma chimodzi sikuthandiza, chifukwa chidzagumuka ndithu. Chofunika kumeneko ndi nkhalango yokhala ndi mitengo ikuluikulu yogwa nthawi ndi nthawi n'kusiyidwa pomwepo.

## Mafunso amene akadalipo

Loyamba ndi lakuti kodi kunyezimirako kuli ndi phindu lililonse kwa chomeracho. Ena amaganiza kuti mwina kumakopa tizilombo tonyamula timbewu. Ena amati ndi zotsatira chabe za kapangidwe ka selo. Kuwala kobwerera kumadutsanso pa timatumba tobiriwira kachiwiri, zimene zingawonjezere chakudya pang'ono, koma zimenezo ndi phindu la m'kati mwa selo, osati la kuwala kotulukira kunja. Umboni woti tizilombo timakopekadi ndi kuwalako sunakhazikike.

Lachiwiri likukhudza abale ake. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankagawa moss m'magulu poyang'ana timano ta pakabotolo, ndiye mtundu wopanda timano unali wovuta kuupezera malo. Ena anauika m'gulu lalikulu lakelake, Schistostegales. Kafukufuku wa DNA wauyandikitsa ku gulu la Dicranales ndi oyandikana nalo, koma mabuku sanagwirizanebe onse pa malo ake enieni.

Pa kasamukidwe kake, zoti timbewu take ndi tomata n'zodziwika. Chovuta kuyeza ndi nyama iti imene imanyamula tochuluka, ndi mtunda umene timafika. Kodi ndi akangaude oyenda mamita ochepa, kapena mbalame zotha kuwoloka chigwa chonse? Yankho lake ndi limene lingasonyeze kutalikirana kumene malo ake angakhale nako popanda mtunduwo kutha m'dera.

Ndipo pali funso loti kodi ndi yosowadi kapena siioneka chabe. Kuti munthu aipeze ayenera kugwada, kusuzumira m'dzenje, ataima mbali yoyenera, pamene kuwala kuli bwino. Odziwa moss ndi ochepa, ndipo nkhalango za ku Siberia ndi Canada ndi zazikulu kwambiri. M'madera ena malipoti ake achuluka m'zaka zapitazi, koma kusiyanitsa pakati pa chomera chimene chikufalikira ndi anthu amene angophunzira kuyang'ana si kophweka. Kwa oyang'anira nkhalango, funso limeneli limakhala lenileni pakangodutsa mphepo yamkuntho: mitengo yogwa ndi matabwa a ndalama, ikasiyidwa ingabalitse tizilombo toboola makungwa a mitengo yamoyo, koma thunthu likadulidwa, chibuma cha mizu nthawi zambiri chimagwera m'dzenje mwake n'kutseka malo amene ndereyi ikadamera. Ndi mitengo ingati yoyenera kusiyidwa, ndipo m'nkhalango ziti, akatswiri a zomera ndi a zamatabwa amayankha mosiyana.